Maganizo a alimi angafike bwanji ku khonsolo?

Bambo, mwafunsa mmene alimi a kachewere a ku Tsangano angafikitsire ku khonsolo ya Ntcheu maganizo awo a njira yatsopano yosungira mbewu. Njira ilipo, chifukwa ndondomeko ya mphamvu ku anthu, yomwe inayamba mu 1998, imafuna kuti chitukuko chiziyambira kumudzi.

Yambani ndi komiti ya chitukuko cha m'midzi (VDC) ya kwa gulupu wanu kuti nkhaniyo ilembedwe, kenako ipite ku komiti ya chitukuko cha m'dera (ADC) ya kwa mfumu yaikulu isanalowe m'dongosolo la chitukuko cha boma lonse la Ntcheu. Mmene ndikuonera, pa ADC ndi pomwe zopempha zambiri zimagonera m'mabuku, choncho itanani khansala ndi alangizi a zaulimi ku msonkhano wa kalabu yanu, muwapatse kalata yosainidwa ndi mamembala, ina yofanana nayo musunge.