Mwana akufuna kukakumba pa Black Mountain: yankho kwa amayi a ku Katete

Amayi ena a ku Katete andilembera imelo. Akuti malemu bambo awo anagwira ntchito ku Nkana, pa ng'anjo yosungunulira miyala ya mkuwa, ndiye tsopano mwana wawo wamwamuna akufuna kugulitsa ng'ombe ziwiri kuti apite ku Kitwe akakumbe pa Black Mountain. Afunsa kuti: "Zinthu zimene azungu anataya kalekale zasanduka bwanji chuma? Ndimulole apite?"

Amayi, phiri limenelo analiunjika ndi anthu, ndipo thukuta la bambo anu lili momwemo. Ng'anjo ya ku Nkana inayamba kuyaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1930, mwini wake ali kampani ya Rhokana Corporation. Nthawi imeneyo msonkho unkathamangitsa amuna kuno kum'mawa, ku Fort Jameson (lero Chipata), Petauke ndi Lundazi, kuti akasake ndalama ku migodi. Ng'anjoyo inadutsa m'manja ambiri: boma linatenga magawo 51 pa 100 a migodi mu 1970, kampani ya boma ya migodi ya ZCCM inabadwa mu 1982, kenako mu 2000 migodi inagulitsidwa. Ng'anjoyo inazima kampani ya Konkola Copper Mines (KCM) itatsegula ng'anjo yatsopano ku Chingola mu 2008.

Zotayidwa za pamgodi zilipo mitundu iwiri. Mwala ukatuluka pansi amaupera mpaka ufa, n'kuuvundula m'madzi a mankhwala. Mkuwa umakwera ndi thovu, ndipo matope otsala, omwe amati tailings, amawapopera kudamu. Zathovuzo ndiye zimalowa m'ng'anjo, pamoto woposa madigiri 1,200. Mkuwa, poti ndi wolemera, umamira, zosafunika zija n'kuyandama pamwamba. Zimenezi ndiye slag. Ankazithira m'miphika ikuluikulu yachitsulo, kuzikoka panjanji, n'kukazikhuthula pafupi ndi komboni ya Wusakile zili psuu, moti usiku kumwamba kunkafiira. Zikazizira zimauma gwa, zakuda bii, zonyezimira ndi zakuthwa, zocheka m'manja. Mulu wa slag umenewu ndiye Black Mountain.

Nanga chumacho chachokera kuti? Ng'anjo zakale zinkasamala za mkuwa, koma cobalt (mtundu wina wa chitsulo chopezeka m'miyala yomweyo) wambiri ankakakamira kuchitsulo n'kuthawira mu slag. Lero cobalt akufunidwa kwambiri popanga mabatire a mafoni ndi a magalimoto amagetsi. Ndiye zili ngati kukunkha nshawa m'munda umene eni ake anakumba mothamanga. Koma mumvetsetse apa: m'makilogalamu 100 a slag, cobalt safika ndi kilogalamu imodzi yomwe. Kuti atuluke, kampani ya Chambishi Metals inachita kumanga ng'anjo yamagetsi yaikulu, imene inayamba kusungunulanso slag ya ku Nkana mu 2001. Matope a m'madamu nawonso ndi chimodzimodzi. Ku Chingola akhala akuwatsuka ndi asidi kuyambira m'ma 1970 kuti atengemo mkuwa. Phindu lenileni limatsalira amene ali ndi makina, magetsi ndi msika wakunja. Mnyamata wa piki ndi thumba amagulitsa pamtengo umene wogula wanena, basi.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi moyo wake. Okumba amafukula m'munsi mwa mulu kutsata mbali yonona, pamwamba pawo patalendewera chigumukire chimene palibe wachichirikiza. Mu June 2018 mbali ina ya phirilo inagumuka n'kupha anthu osachepera 10. Anali ana a eni ake, opita m'mawa kukasaka ya ufa. Madamu a matope nawo si malo osewerera: mu September 1970 matope analowa mumgodi wa Mufulira n'kupha anthu 89, ndipo mu February 2025 damu lina la ku Chambishi linaphulika, asidi n'kutsikira mumtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinafa, mbewu m'madimba zinapsa, ndipo mzinda wa Kitwe anautsekera madzi.

Sindikuti kukonzanso zotsalirazi n'koipa ayi. Zikakonzedwa mwadongosolo mulu umachepa, fumbi limachepa, ntchito zimapezeka, ndipo ine ndikufunitsitsa kuti achinyamata athu adyeko. Mu 2022 boma linapereka magawo 30 pa 100 a phirilo ku makopaletivu a achinyamata ndi amayi. Koma mlendo wongotsika basi kuchokera ku Katete, wopanda gulu, wopanda womudziwa, ameneyo ndiye amamuponya kumene ena akuopa.

Choncho, amayi, ng'ombezo zisagulitsidwe chifukwa cha ulendo umenewu. Mukhale naye pansi pamodzi ndi amalume ake, mumufunse modekha: wakuitana ndani, kopaletivu yake dzina lake ndi chiyani, ili ndi chiphaso, adzakupatsa chisoti ndi majombo, ukavulala adzalipira chipatala ndani? Ngati mtima wake ulidi pa zamigodi, ng'ombe imodzi ikhoza kumuthandiza kukaphunzira kuwotcherera zitsulo kapena zamagetsi kusukulu ya ntchito zamanja ya Chipata Trades, kuti akadzapita ku Kopala akalowere pachipata atanyamula pepala m'manja.