Makina amodzi a dongo ndi mchenga wa core? Yankho kwa bambo amene anandilembera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amawerenga zimene ndimalemba pano. Akuti ali ndi kamalo kogwirira ntchito komwe amaumba mapaipi a dongo ndi timatailosi, ndipo mbali inayo amasungunula aluminiyamu n'kumathira m'zikombole za mchenga. Pa ntchito yosungunulayi pamafunika ma core, tizidutswa ta mchenga wolimba timene timasiya bowo mkati mwa chitsulo chothiridwa. Funso lawo, nditalifupikitsa, ndi ili: "Ndaona kuti makina otulutsa dongo lotalika ndi makina opangira ma core amaoneka ofanana, onse ali ndi chitsulo chopotana mkati. Kodi sindingagule amodzi n'kumagwirira ntchito zonse ziwiri? Chinanso, kamakina kamanja kamene ndili nako panopa kamatulutsa dongo long'ambika m'makona. Vuto n'chiyani?"

Bambo, zikomo kwambiri polemba. Pa funso loyambalo ndikuti ayi, musatero. Koma popeza ndalama zotuluka ndi zanu, ndiyenera kukuuzani chifukwa chake.

Maso anu sanakunamizeni, makina awiriwa ndi pachibale. Onse ali ndi pothirira pamwamba, paipi yaikulu yachitsulo yogona, ndi auger mkati mwake, chitsulo chopotana chija chimene chikamazungulira chimakankhira zinthu kutsogolo. Kumapeto kuli die, mlomo wobooledwa molingana ndi chinthu chimene mukufuna. Mlomo ukakhala wozungulira chotuluka chimakhala chozungulira, ukakhala wa makona anayi pamatuluka mtanda wautali umene waya amangoudula kukhala njerwa. Aliyense amene anagwirapo makina ogayira nyama wamvetsa kale. Nzeruyi ndi yakale ndithu. Joseph Bramah wa ku England analembetsa mu 1797 njira yopangira mapaipi a mtovu poukankha kudzera pa mlomo, ndipo mu 1854 Carl Schlickeysen, amene fakitale yake inali ku Berlin, anabweretsa auger pa ntchito ya dongo la njerwa. Masiku ano ku United States njerwa pafupifupi 90 pa 100 zilizonse zimapangidwa motere.

Pamene pagona nkhani ndi pa zimene mukuthiramo. Dongo ndi mchenga wa core zimafuna zinthu zotsutsana kuchokera kwa makina.

Tiyambe ndi dongo. Tizidutswa take n'tating'ono kwambiri komanso tophwatalala, ndipo tikanyowa timatererana popanda kusiyana. N'chifukwa chake dongo limapindika osaduka. Chimene chimaliwononga ndi mpweya wotsekeredwa mkati, chifukwa pamene pali mpweya dongo siligwirana. Makina abwino a dongo, amene amatchedwa pugmill, amakhala ndi chipinda cha vacuum pakati. Dongo limakankhidwa kudutsa pa chitsulo cha mabowomabowo, limagwera m'chipindacho lili tizingwetizingwe, pampu imayamwa mpweya, kenako auger ya kutsogolo imaliphatikizanso n'kulipanikiza mpaka ku mlomo. Njira imeneyi inafala m'mafakitale m'zaka za m'ma 1930. Kusiyana kwake mungakuone ndi manja: tengani kachingwe ka dongo lochotsedwa mpweya mukakulunge pachala, kamangopindika. La makina opanda vacuum nthawi zambiri limachita timing'alu kumsana.

Ndipatukeko pang'ono. Ambiri amati mpweya wotsekeredwa ndi umene umaphulitsa zinthu mu uvuni. Wophulitsa weniweni ndi madzi otsalira amene amasanduka nthunzi chinthu chikatenthedwa mofulumira chisanaumitsitse. Mpweya mlandu wake ndi wofooketsa chinthu, osati wophulitsa.

Tsopano core. Kwa owerenga amene sanalowepo m'malo osungunulira zitsulo: mukafuna kuti chitsulo chimene mukuthira chikhale ndi bowo mkati, mumagoneka kachidutswa ka mchenga wolimba m'chikombole. Chitsulo chamadzi chimazungulira kachidutswako, chikazizira mumagogoda mchengawo n'kutuluka, bowo latsala. Kachidutswa kameneko ndiye core. Mchenga wake ndi wa silica, wotsukidwa, ndipo pawokha sugwirana ngakhale muufinye bwanji. Njira yakale imene imagwirizana ndi makina okankha ndi yosakanizamo mafuta a linseed pang'ono, 1 kapena 2 peresenti ya kulemera kwa mchenga, sitachi kapena dextrin (guluu wochokera ku sitachi) wochuluka chomwecho, ndi timadzi. Sitachi ndi amene amagwira core ikadali yaiwisi kuti isaphwasuke potuluka. Mafuta amalimba pambuyo pake mu uvuni wa madigiri a Celsius 200 mpaka 230, ndipo amalimba chifukwa chokumana ndi mpweya, kotero uvuni wotsekeratu ponseponse suphika bwino core.

Ndiye taganizani zimene zimachitika pothira. Aluminiyamu yanu imalowa m'chikombole ili pa madigiri 700 ndi kupitirirako, chitsulo cha cast iron chimalowa chili cha m'ma 1,400. Mafuta ndi sitachi zija zimayamba kupsa n'kutulutsa gasi, ndipo core yazunguliridwa ndi chitsulo mbali zonse kupatula kumapeto kwake. Gasiyo ayenera kudutsa m'timipata ta pakati pa mchenga mpaka atulukire kumapetoko. Akasowa njira amalowa m'chitsulo, ndipo mukadzachicheka mumapeza mkati muli mabowo ngati chisa cha njuchi. N'chifukwa chake makina a core amakhala ndi kandodo kachitsulo kunsonga kwa auger, kamene kamasiya kabowo kodutsa pakati pa core kuyambira uku mpaka uko. Tengani core yopsa bwino, yofiirira bwinobwino, muuzire mpweya mbali imodzi chala chili mbali inayo, mumva ukutuluka. Pugmill ntchito yake yonse ndi kutseka mpata uliwonse, pamene core yopanda mipata ndi yotaya. Core iyeneranso kufumbutuka mosavuta chitsulo chikazizira, ndipo inu a aluminiyamu muyenera kusamala kuposa anzanu a cast iron, chifukwa kutentha kwanu n'kochepa, sikuwotcha mafuta onse. Core yopanikizidwa kwambiri mudzaikumba ndi tchizulo.

Komabe mwina simufika n'komwe pamenepo, chifukwa mchenga sukonda kuyenda m'makina a dongo. Izi ndinaziona ndekha zaka zapitazo pamalo pena pamene ndinkagwira ntchito, ndipo wolakwa ndinali ine. Ndinathira mchenga wosakaniza ndi mafuta mu pugmill yaing'ono ndikuganiza ngati mmene mukuganizira inumu. Poyamba unatulukako pang'ono, wofumbutuka. Kenako mota inasintha kulira, lamba n'kuyamba kuterera ndi kununkha. Mchenga unali utadzipanikiza pamene paipi imayamba kuchepa kulowera ku mlomo, utalimba ngati mwala wonolera. Dongo likapanikizidwa limasintha maonekedwe n'kudutsa, koma mchenga umangolumana. Ndinatha masana onse ndikukumba ndi sikuludiraiva, ndipo nditatsuka ndinapeza auger ili ndi mikwingwirima yowala m'mphepete monse. Makina a core amakhala ndi njira yaifupi ndi mlomo wosachepa kwambiri pa chifukwa chimenechi, ndipo kukula kulikonse kwa core kumafuna mlomo ndi auger zoyenerana nako.

Palinso za kuipitsana. Dongo lotsalira likalowa mu mchenga limamwa mafuta n'kutseka timipata tija. Mafuta otsalira akalowa m'dongo, dongo silimatananso bwino. Kusintha ntchito kulikonse kungafune kumasula makina onse n'kutsuka.

Tibwere ku funso lanu lachiwiri, limene kwa ine ndi lofunika kuposa loyamba, chifukwa mukapanda kulimvetsa mudzagula makina aakulu n'kupezanso ming'alu yomweyo, koma yotuluka mofulumira.

Dongo siliyenda liwiro limodzi mu mlomo. La pakati limathamanga chifukwa likungokhudzana ndi dongo linzake. La m'mphepete limakhuzika ndi chitsulo, ndipo la m'makona limakhuzika mbali ziwiri nthawi imodzi. La pakati likamapita limakoka la m'makona, la m'makonalo limakana, kenako limaduka, limagwidwanso, limadukanso, n'kutuluka lili manomano ngati sowo. Kuti mutsimikize chitani izi: dulani dongo ndi waya mofanana ndi nkhope ya die, kenako kankhani pang'ono kwambiri, mwina masentimita awiri, n'kuima. Yang'anani chammbali. Mukaona pakati patukuka ngati mimba koma makona atsalira, mwapeza vuto.

Mankhwala ake alipo angapo, ndipo muyambe ndi osafuna ndalama. Choyamba madzi. M'mafakitale a njerwa, dongo lokankhidwa ndi makina amphamvu limakhala ndi madzi 10 mpaka 15 peresenti, koma kumeneko kuli mota zikuluzikulu ndi vacuum. Kamakina kamanja kamafuna dongo lofewa kuposa pamenepo, ngati limene mungaumbire ndi manja. Chofunika kwambiri n'chakuti lifewe mofanana ponseponse. Dongo louma kunja koma lofewa mkati limang'ambika ngakhale die ikhale yabwino chotani, ndiye mukalinyowetsa likulungeni m'pulasitiki ligone masiku angapo musanaligwiritse ntchito. Chachiwiri, tembenuzani die muone kumbuyo kwake, kumene dongo limalowera. Ma die ambiri opangidwa pamanja amangobooledwa mowongoka, m'mphepete muli mwakuthwa. Palani kumbuyoko ndi tupa kuti kukhale kotsetsereka, makamaka m'makona, kuti m'makonamo muzilowa dongo lochuluka, ndipo makona enieniwo akhale obulungira pang'ono. Salazani bwino mkati monse. Mafakitale amathiranso madzi kapena mafuta pang'onopang'ono mu mlomo kuti dongo literere. Ngati zonsezi zalephera ndiye kuti dongo lanu lili ndi mchenga wambiri, sakanizani ndi lina lomata.

Mukadzagula pugmill mudzakumana ndi vuto lina limene kamakina kamanja kalibe. Auger imadula dongo n'kulisalaza pamene ikuzungulira, ndipo pakati, pamene pali shafiti, pamatsala mpata. Dongo likapanda kupeza malo okwanira ogwirananso pakati pa nsonga ya auger ndi die, limatuluka looneka bwino kunja koma mkati lili m'magawomagawo. Likauma mumaona mng'alu wooneka ngati chilembo S pakati, kapena mizere yozungulira ngati ya m'thunthu la mtengo. Njira yosavuta yoonera izi msanga ndi kudula kagawo kaiwisi n'kukaika mufiriji mpaka kaundane, madzi oundana amatsegula mizereyo n'kuonekera. Pa mapaipi anu palinso china. Bowo la paipi limapangidwa ndi chitsulo chapakati pa die chimene chimagwiridwa ndi timikono. Dongo limagawanika podutsa timikonoto ndipo liyenera kulumikizananso lisanatuluke. Timikono tikakhala pafupi kwambiri ndi potulukira, paipi imadzang'ambika mowongoka m'litali, pa mizere ya timikono yomweyo. Ndiye pogula funsani za mtunda umenewu musanafunse za mphamvu ya mota.

Osaiwala kuti dongo limachepa pouma ndi powotchedwa, ndipo dongo lililonse limachepa mwa mtundu wake. Umbani kamtanda, lembanipo mzere wa mamilimita 100, kaume, kawotcheni, yezaninso. Mukapeza 92, ndiye kuti paipi yofunika kukhala mamilimita 50 ikapsa imafuna mlomo wa mamilimita 54 ndi pang'ono. Yezani musanapite kokabooletsa die.

Nanga ma core mupange bwanji? Dzifunseni kuti mumafuna angati pa sabata. Makina okankha amangotulutsa ma core owongoka, okula mofanana kuyambira koyamba mpaka kumapeto, amene mumawalandira pa thireyi ya mizere kuti asapindike, n'kuwaphika, n'kuwadula. Amapindulitsa munthu amene amafuna mazanamazana a kukula kumodzi. Mafakitale aakulu masiku ano ambiri amawombera mchenga m'bokosi la core ndi mpweya wamphamvu, n'kuulimbitsa ndi mankhwala kapena ndi kutentha monga mu njira ya shell imene Johannes Croning anatulukira ku Germany mu 1944. Mankhwala olimba okha ngati amenewo musawathire m'makina a auger, adzalimbira momwemo. Kwa inu, ngati ndamva bwino kukula kwa ntchito yanu, paipi yachitsulo yochekedwa pakati m'litali ndi yokwanira. Imangeni ndi zomangira ziwiri, ikani waya wowongoka pakati, tsindirani mchenga ndi kandodo mosapitirira muyeso, solorani waya, masulani. Pa ola limodzi mupanga ambiri kuposa amene mungathire tsiku limenelo. Ndalama zanu ziikeni pa pugmill ya vacuum, chifukwa kumeneko ndi kumene manja sangafanane ndi makina.

Mawu awiri a chitetezo, chifukwa auger simva kukuwa. Dzanja lisalowe pothirira makina akuyenda, kankhirani ndi mtengo, ndipo pomasula zulani pulagi, osangozimitsa. Fumbi la dongo louma ndi la mchenga lili ndi silica amene amawononga mapapo pang'onopang'ono mosachiritsika, choncho pansi muzikolopa ndi madzi m'malo mosesa.

Mukayesa kudula ndi kukankha kuja, ndilembereninso mundiuze mbali imene yatsogola. Munditumizirenso chithunzi cha die yanu, koma mujambule kumbuyo kwake, kumene dongo limalowera.