Mafunso a Owerenga: Lamba wokwerera mitengo akundiphwanya chiuno

FUNSO: Ndimagwira ntchito yosadza ndi kudula mitengo ikuluikulu. Ndagula lamba wokwerera, wa malupu a m'ntchafu uja, koma ndikakhala m'mwamba kanthawi chiuno chimaphwanya, miyendo n'kuchita dzanzi. Chainsaw nayo imakokera lambayo mbali imodzi. Ndikuganiza zopita kwa wosoka nsapato kuti andiwonjezere malupu okolekapo zida, komanso kuchotsa kachingwe kakutsogolo kaja n'kuikapo chingwe changa chotalikirapo. Kodi pali vuto? — Wokwera mitengo

YANKHO: Achimwene, kwa wosoka nsapatoko musapiteko. Singano yake ikamaboola lamba imadula ulusi wamkati, womwe ndi umene umakunyamulani mukalendewera, ndipo palibe amene angakuuzeni kuti msoko watsopanowo ungapirire kulemera kotani. Chosangalatsa n'choti zambiri mwadandaulazi zimatha popanda singano.

Tiyambe ndi chiunocho. Ambiri amamanga lamba m'munsi ngati wa thalauza. Chotsamira cha kumsana chizikhala pamwamba pa mafupa a m'chiuno, chomangika moti ngakhale mukankhire pansi ndi manja chisatsike. Malupu a m'ntchafu asathine: chikhatho chizilowa bwinobwino, koma chibakera chisalowe. Ndiye pali timalamba tolumikiza malupuwo ndi chiuno, tomwe anthu satikhudza n'komwe chigulireni lambayo, pamene ndi timene timagawa kulemera kwa thupi pakati pa msana ndi ntchafu. Ponyani chingwe pa nthambi yolimba yapafupi, valani zida zanu zonse, mulendewere mapazi atangochoka pansi. Khalani choncho mphindi zingapo. Pomwe payamba kuwawa, tsikani, sinthani kalamba kamodzi kokha, yesaninso. Mukasintha tonse pamodzi simudziwa kathandiza ndi kati.

Dzanzilo musalipeputse. Munthu akalendewera osasuntha miyendo, magazi amadikha kumiyendoko ndipo atha kukomoka ali m'mwamba. Muzipondako pa nthambi pafupipafupi, ndipo pansi pazikhala mnzanu wodziwa kukwera, woti angakutsitseni.

Tsopano kachingwe kakutsogolo, komwe okwera amakatcha bridge. Mwalondola kuti kutalika kwake kumasintha kakweredwe. Kakatalika mumapotoloka momasuka pofikira kunsonga kwa nthambi, koma mfundo yokwerera imapita patali ndi dzanja ndipo thupi limagwera chagada. Kakafupika zonse zimakhala pafupi, koma kutembenuka kumavuta. Ine ndimakonda kachifupiko. Munthu wa mikono itali-itali angaone mwina. Kusintha n'kololedwa, ndiponso kofunika, chifukwa kachingweka kamatha msanga kuposa lamba yense pokhulana ndi mphete yachitsulo tsiku lonse. Koma muikepo kochokera kwa amene anapanga lambayo. Kampani ya Petzl imagulitsa ta lamba wawo wa Sequoia tautali wosiyanasiyana, Teufelberger nawo ali ndi tawo ta treeMOTION. Chingwe chanucho, kaya ncholimba chotani, chikakhala chowondako mfundo yake itha kupyola pabowo pomwe imayenera kugwira.

Musasokoneze malo onyamula moyo ndi malo onyamula zida. Bridge ndi mphete ziwiri za m'mbali zokhala ngati chilembo cha D ndi zonyamula munthu, ndipo za m'mbalizo zimagwira ntchito ziwiri pamodzi, pokoleka chingwe chachifupi chozunguliza thunthu. Malupu ang'onoang'ono akumbuyo ndi ngowe zapulasitiki ndi za zida basi. Pamenepo ndiye sewerani momwe mungafunire: ngowe zoterezi zimalowetsedwa pa lamba popanda kusoka, ndipo mutha kuzisuntha mpaka dzanja lizipeza chida osayang'anako.

Chainsaw ikolekeni chakumbuyo kwa chiuno, osati m'mbali penipeni, ndipo ngati lamba wanu ali ndi pokolekera malamba a m'mapewa, agulireni. Amatenga gawo la katunduyo, lamba n'kusiya kutsetsereka. Chingwe chokolekera chainsaw chikhale cha mtundu woduka chokha chikakokedwa mwamphamvu. Chainsaw ikapanika m'chipika chimene chikugwa, bola ipite yokha kusiyana n'kukutengani. Sowo yamanja ine ndimaiika mbali yosiyana ndi komwe kwapindidwa chingwe cha pathunthu, kuti mano ake asachikhudze posolola. Ndipo chepetsani katundu. Anyamata ena amakwera atakolekera zida ngati akusamuka, theka lake osazigwira n'komwe. Chomwe mungachifune mwa apo ndi apo, wapansi akutumizireni pa chingwe. Zosasiya ndi wezulo ndi bandeji yaikulu yoletsa magazi, pamalo pofikika ndi dzanja lililonse.

Pa ngowe zachitsulo zonyamula munthu, ma carabiner aja, werengani zolembedwa pamsana pake. Malamulo a ntchitoyi ku America, a ANSI Z133, amafuna yokhoma yokha, yopirira mapaundi 5,000, omwe ndi pafupifupi 22 kN, muyeso wa mphamvu umene umalembedwa pa ngowezo. Pa lamba yang'anani chizindikiro cha miyezo ya ku Ulaya, EN 813 ndi EN 358. Malamulo a ANSI aja amatinso podula ndi chainsaw mumtengo mukhale mutamangika pawiri. Chingwe chokhala ndi waya mkati chimathandiza pa thunthu lalikulu, koma chainsaw imachidulabe, ndipo pafupi ndi mawaya a magetsi musachigwiritse ntchito.

Ku Britain malamulo a LOLER a 1998 amati zida zokwerera ziziunikidwa ndi katswiri miyezi 6 iliyonse. Inu kuwonjezera apo muziyendetsa zala pa lamba yense m'mawa musanakwere. Petulo ndi oyilo zisagone m'chikwama chimodzi ndi lamba. Akada, mchapeni ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wosaluma, aume pamthunzi. Petzl amati zida zawo zansalu zisapitirire zaka 10 chipangidwireni, ngakhale zikuoneka zatsopano. Bridge ikayamba kutuluka ubweya, kuuma gwa, kapena kunyezimira penapake ngati yapsa, ichotseni tsiku lomwelo, muidule pakati ndi mpeni kuti wina asaitole n'kukakwerera.