Kwa achemwali amene akufuna ukwati wa anthu ochepa koma azakhali akukana

Achemwali, mwati chinkhoswe chinachitika kale, ukwati mukuufuna mu Sepitembala, ndipo inu ndi anzanuwo mwagwirizana kuti pamadyerero pakhale anthu osapitirira 80. Koma azakhali anu akuti zimenezo n'zochititsa manyazi mtundu wonse, moti foni ikangolira mtima umayamba kuthamanga. Mwafunsa kuti ena anadutsamo bwanji. Ine ndakhalapo msungichuma m'makomiti a maukwati, a pachibale ndi a kumpingo komwe, ndiye ndikuyankhani ngati munthu amene amatsala ndi kope la ndalama anthu onse atabalalika.

Chimene chikukusowetsani tulo si ndalama kwenikweni. Mukulimbana ndi azakhali nokha, pafoni, pamene muli ndi ankhoswe. Ntchito ya nkhoswe sinathere tsiku lija anasinthana tambala ndi thadzi ayi, apa m'pamene yayambira. Kwathu kuno mwana akauza akulu kuti "ine ndatsimikiza," amamveka wamwano ngakhale akunena zoona. Mawu omwewo akatuluka pakamwa pa amalume, aliyense amagwedeza mutu kuti koma ndi nzeru. Choncho pezani Loweruka limodzi, nyamulani shuga ndi buledi, mupite nonse awiri kwa ankhoswe a mbali yanu, kenako kwa a kuchimuna. Musapite ndi madandaulo. Pitani ndi pepala lolembapo ndalama zimene muli nazo m'manja, zimene mungasunge pofika Ogasiti, ndi zimene mukufuna zitsale zolowera m'nyumba. Akuluakulu ambiri akaona manambala amafewa, chifukwa iwowo ndi amene adzaitanidwe usiku mukadzayamba kukangana za ngongole. Akangovomera, yankho lanu kwa aliyense likhale limodzi: "Nkhaniyo ili m'manja mwa ankhoswe, azakhali." Mwalemekeza munthu, ndipo mwatula katundu.

Komatu azakhaliwo musawaone ngati mdani. Taganizani zaka zimene akhala akuvina pa maukwati a ana a anzawo a ku Mvano kapena ku Chigwirizano, akuponya ndalama zawo m'lichero. Kwa iwo ukwati uli ngati chipereganyu, ndipo ulendo uno ndi nthawi yawo yolandira. Mukawauza kuti anzawo aja sabwera, mwawalanda ulemu umene akhala akuuyembekezera kuyambira muli kusukulu. Njira imene ndaona ikugwira ntchito ndi yogawa tsikulo pawiri. Kutchalitchi abwere aliyense, pakhomo la tchalitchi sabwezapo munthu ndipo simulipira mpando. Madyerero a makhadi akhale a anthu 80 anu aja. Kenako pakapita sabata kapena ziwiri, makolo akonze kaphwando kumudzi kapena pakhomo pawo: thobwa, nsima, mbuzi imodzi, inu mubwere mutavala zitenje zofanana, anthu avine mpaka fumbi. Zimenezo aziyendetse azakhaliwo, ndi ndalama za iwo amene akuzifuna. Muwapatsenso makhadi angapo a madyerero enieniwo kuti asankhe okha owaitana. Munthu amene wapatsidwa udindo sakhala ndi nthawi yonyoza.

Chinanso chimene chingakulimbitseni mtima ndi kudziwa chimene chimamanga ukwati pamaso pa boma. Lamulo la maukwati la 2015, lija la Marriage, Divorce and Family Relations Act, limavomereza ukwati wa kwa DC, wa kumpingo kapena kumzikiti, ndi wa mwambo, ndipo onsewo ndi ofanana mphamvu. Silitchula holo, keke, kapena mzere wa magalimoto oimba mahutala. Limafuna kuti nonse mukhale mutakwanitsa zaka 18, mwafuna nokha, pali mboni, ndipo ukwatiwo walengezedwa. Mukasankha kwa DC, chidziwitso chimakhomedwa masiku 21 tsiku lisanafike kuti ngati pali wotsutsa aonekere. Kumipingo yambiri amalengeza Lamulungu katatu, ndipo ena amafuna muyambe mwaphunzira kaye maphunziro a banja. Setifiketi imene mudzatenge kumeneko ndiyo idzakuthandizeni ku banki, kuntchito, ngakhale pa nkhani za chuma cha masiye, Mulungu atalikitse. Zina zonsezi ndi chisangalalo, ndipo chisangalalo munthu amapima ndi thumba lake.

Tsopano za perekani-perekani, ndipo apa ndichedwapo pang'ono chifukwa m'pamene ambiri amagwera. Pamsonkhano uliwonse wa komiti sipalephera munthu wonena kuti, "Tengani holo yaikulu, ndalama zidzabwerera patsikulo." Musamvere. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mukaonera patali, ndalama zikuuluka m'mwamba, mumayesa mamiliyoni. Khalani patebulo la osintha ndalama muone: munthu wabwera ndi K5,000 imodzi, waisintha kukhala ma K100 ndi ma K200, wavina nayo nyimbo zisanu. Si kulakwa, ndi mmene timasangalalira, koma mbale imene wadya ndi botolo limene wamwa nthawi zina zimaposa zimene waponya. Usiku mukamawerenga, MC akudikira zake, DJ akudikira zake, mwini matenti waima pakhomo. Ndaonapo akwati akuyamba Lolemba loyamba la banja lawo akuthawa foni ya munthu wa katapila, ndiponso mayi wina atalandidwa katundu ndi anzake a banki m'khonde chifukwa anakongola kuti mwana wake asachite manyazi. Konzani ukwati umene mungaulipire wonse ngakhale patapanda woponya tambala. Zimene zidzagwe m'lichero zidzakhale za matiresi, mbaula ndi lendi.

Chimodzimodzi malonjezo a pa gulu la WhatsApp. Amene walemba kuti apereka K50,000 mumuthokoze, koma m'kope mulembe zokhazo zimene zalowa pa Airtel Money kapena Mpamba. Ndipo nambala yolandirira ikhale imodzi, ya munthu amene saopa kuwerenga ripoti pagulu.

Mtengo wa ukwati umayenda ndi mitu ya anthu. Mlendo aliyense ndi mpando, mbale, chakumwa ndi nthuli. Nkhuku imodzi yoduladula bwino imatuluka nthuli 8, ndiye anthu 80 ndi nkhuku 10, pamene anthu 300 akufuna pafupifupi 40, musanawerenge mpunga, mafuta ndi nkhuni. Nkhuku 10 kapena 15 simufunika kuziguliratu zazikulu. Gulani anapiye a nkhuku za nyama kutatsala masabata 6 kapena 7, mupatse m'bale amene ali ndi khola. Mpunga gulani mu Juni kapena Julayi, anthu atangokolola, makamaka ngati muli ndi wachibale ku Karonga woti akutumizireni Kilombero. Mbatatesi, kabichi, anyezi ndi tomato, wina adzadutse pa Lizulu kapena pa Tsangano Turn-off kutatsala masiku awiri. Zosaonongeka monga mafuta ophikira, shuga ndi mchere muzigula pang'onopang'ono mwezi uliwonse malipiro akangolowa. Amene ankakonza maukwati mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, akudziwa mmene mitengo imene anauzidwa mwezi wathawo inasinthira tsiku limodzi. N'chifukwa chake aliyense amene mwagwirizana naye, kaya ndi wojambula kaya ndi telala, mupatseni yachikole ndipo alembe mtengo wonse papepala, asayine.

Zimene mungasiye popanda wina kudzazikumbukira: bridal shower ndi send-off (ndi anthu omwewo amene mukuwapempha katatu, ndipo pofika tsiku lenileni matumba auma), aperekezi khumi ndi awiri, ndi keke ya nsanjika zisanu. Aperekezi ambiri si zovala zokha. Ndi miyezi iwiri yophunzira masitepe madzulo alionse, thiransipoti, zakumwa, ndi mikangano ya amene wanenepa diresi litasokedwa kale. Awiri mbali iliyonse akwana. Diresi lanu bwerekani kapena chitani hayala, mudzalivala maola ochepa. Chimene sindingakulangizeni kuchepetsa ndi wojambula zithunzi ndi chakudya. Anthu amaiwala maluwa, koma akabwerera ndi njala adzakukambani mpaka mwana wanu woyamba adzayambe sukulu. Funsaninso za jenereta, magetsi sadziwa kuti lero kuli ukwati.

Za moyo wanu wa tsiku ndi tsiku pa miyezi imeneyi, ndikudziwa mmene umakhalira. Mukudzuka m'mawa mauthenga ali mbwee, nthawi ya nkhomaliro mukuthamangira kwa telala, madzulo msonkhano wa komiti umene unayenera kuyamba 2 koloko ukuyamba 4, ndipo mukakumana ndi bwenzi lanu nkhani ndi mipando basi. Komiti ya anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi ikukwanirani, ndipo isamakumane sabata iliyonse, chifukwa msonkhano uliwonse umadya zakumwa ndi thiransipoti zimene zikanagula thumba la makala. Gulu la WhatsApp muzilitsegula nthawi imodzi patsiku. Ndipo inu awiri mukhale ndi tsiku limene simukamba za mwambowo, koma za banja: mudzakhala kuti, lendi ndi zingati ndipo mwininyumba akufuna ya miyezi ingati, ndani akulipirira mng'ono wake fizi, makolo muziwathandiza bwanji, pali ngongole imene wina sanaulule. Mupitenso limodzi kukayezetsa magazi ngati simunatero, osati aliyense payekha n'kudzangouzana pakamwa. Nkhani zimenezi n'zovuta kuziyamba kuposa kusankha mtundu wa nsalu, n'chifukwa chake ambiri amabisala m'zokongoletsa.

Sepitembala mwasankha bwino, kuzizira kwatha, mvula sinayambe, ndipo kutentha kwa Okutobala kusanafike mukhoza kuchitira panja, pabwalo la tchalitchi kapena pakapinga pa wachibale, osalipira holo. Koma dziwani kuti aliyense akufunanso mwezi womwewo. Maloweruka a Ogasiti mpaka Okutobala amadzaza msanga, mipingo ina mpaka kudalitsa maukwati angapo pa mwambo umodzi. Musadinde makhadi musanaonane ndi abusa kapena alembi a mpingo. Pitani sabata ino mukalembetse tsiku, ndipo mufunsiretu ngati amalola Lachisanu, chifukwa eni matenti ndi ojambula ambiri savuta kutsitsa mtengo tsiku limene alibe ntchito ina.