Musathamangire kuphatikiza nkhuku za Mikolongwe ndi zachikuda

Achemwali, ngati mwagula kale misoti ya Mikolongwe, musaitsekere m'khola limodzi ndi nkhuku zachikuda zomwe zili pakhomopo, makamaka nyengo imene dzuwa limaswa mtengo kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Amene akukuuzani kuti nkhuku ndi nkhuku basi sanaziwetepo pamodzi. Nkhuku za Mikolongwe, zija zakuda zimene dzina lake lenileni ndi Black Australorp ndipo boma lakhala likuzichulukitsa ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, ndi zofatsa kwambiri. Zimayenda mwaulemu, sizithawa munthu, ndipo zikajomphedwa sizibwezera, zimangoweramitsa mutu n'kukaima pakona. Zachikuda zathuzi zinakulira kulimbana ndi mphamba, agalu ndi njala, choncho ukali ndiwo unazipulumutsa, ndipo thadzi la anapiye silisiyanitsa mdani ndi mlendo wongodutsa.

Ine zinandigwera m'mwezi wa Okutobala. Ndinagula misoti ya Mikolongwe kwa bambo wina amene amayenda ndi nkhuku panjinga masiku a msika ku Nchalo, ndipo anandilumbirira kuti ikangogona usiku umodzi ndi zinzake, m'mawa idzatuluka itazolowerana nazo. Ndinamukhulupirira n'kuiphatikiza ndi zachikuda zanga. Tsiku loipalo ndinachokera kudimba masana, ndipo ndisanalowe n'komwe mumpanda ndinamva mwana wanga wamng'ono akulira kuseri kwa khola. Msoti umodzi unali utapanikizidwa pakati pa nsanamira ndi khoma, nthenga zonse za pamutu zitasosoledwa, khungu litang'ambika mpaka fupa kuonekera, ntchentche zili ng'waa pabalapo. Nkhuku ikaona magazi pathupi la inzake siileka, moti ngakhale zija zimene sizinayambe nawo ndewu zinkabwera imodziimodzi kudzajompha pomwepo. Msoti wina ndinaupeza utafa pafupi ndi mbale ya madzi, mapiko atatambasuka, mlomo uli yasa, thupi likadali lotentha, popanda bala lililonse. Thadzi langa la kameta, lija lopanda nthenga m'khosi, linali litakhazika anapiye ake pamthunzi pomwe panali mbaleyo, ndipo msoti uliwonse woyandikira linkaulumphira kumaso. Nkhuku ilibe thukuta, imaziziritsa thupi pomwa madzi ndi popuma mwawefuwefu, choncho nkhuku yakuda bii, yonenepa, ya nthenga zothithikana, ikamanidwa madzi ndi mthunzi pamene kutentha kwapitirira madigiri 40 siifika madzulo. Kameta uja kutenthako sikunkamuvuta konse, pakuti khosi lake lometa limataya kutentha msanga. Wovulala uja ndinamutsuka ndi madzi a mchere n'kumupaka mankhwala a zilonda a GV, koma anasiya kudya ndipo anafa.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi yankho la wogulitsa uja. Nditamupeza pamsika wotsatira n'kumufotokozera modekha, anandiseka pamaso pa anthu, nanena kuti mwina pakhomo panga pali wina wondichitira nsanje, ndipo anakana ngakhale kunditsitsira mtengo wa msoti umodzi. Ndalama imeneyo inali ya nyemba za kudimba zimene ndinathirira ndekha ndi kheni. Munthu wogulitsa nkhuku chaka ndi chaka amadziwa bwino khalidwe la mtundu uliwonse, koma amabisa dala kuti dengu lake lithe msanga, ndipo mpaka pano akuuzabe amayi anzathu bodza lomwelo.

Nkhuku za mtundu wa Kuroiler, zochokera ku India, n'zosiyana pang'ono. Si zaukali kwenikweni, koma ndi zadyera ndi zolemera, moti pamadeya zimakankha zinzake ndi chifuwa, ndipo tambala wake akamakwera timathadzi tating'ono ngati simboti amatisupula msana. Nkhanga, zimene ambiri kuno timaweta, ndizo zimathamangitsa aliyense, ngakhale tambala wamkulu, ikafika nyengo yoti ziikire.

Komabe sindikunena kuti musiye kuweta za Mikolongwe ndi zachikuda pakhomo limodzi, chifukwa popanda thadzi lachikuda simudzaona mwanapiye. Za Mikolongwe ndi za Kuroiler zimaikira mazira ambiri koma kawirikawiri sizifungatira, pamene thadzi lachikuda limakhala pamazira masiku onse 21 osatekeseka, ndipo ukali womwe uja ndiwo umateteza anapiye kwa mphamba. Kameta amene anandiphetsera misoti ndi yemweyo anadzandiswera mazira a Mikolongwe yotsalayo, ndipo anapiye amene anakulira pansi pa mapiko ake palibe nkhuku inawajomphapo. Ngati mungathe, njira yabwino ndi imeneyo: gulani mazira kapena tambala mmodzi wa Mikolongwe m'malo mwa misoti, ndipo tambala wachikudayo mumuchotse, pakuti atambala awiri pa mathadzi osapitirira 10 amangokhalira kumenyana.

Ngati inu misotiyo mwaigula kale, isungeni payokha masabata awiri kuti muone ngati siinabwere ndi chitopa, ndipo nkhuku zonse muzidontheze m'maso katemera wa chitopa wa I-2, amene alangizi a ziweto amati tizibwereza miyezi itatu kapena inayi iliyonse. Kenako gawani khola ndi waya kapena bango kuti ziziwonana koma osakhudzana, ndipo tsiku loziphatikiza likhale loti inu muli pakhomo kuyambira m'mawa. Mbale za madzi zikhale zingapo, motalikirana, iliyonse pamthunzi wakewake, chimodzimodzinso madeya ndi mapira muzimwaza malo osiyanasiyana. Thadzi lililonse la anapiye likhale ndi chitatanga chake kufikira anapiyewo atakula. Mukangoona kadontho ka magazi pa nkhuku iliyonse, ichotseni nthawi yomweyo ndipo isabwerere kwa zinzake mpaka bala litauma ndi nthenga zitayamba kumera.