Kodi kuyitana akuthambo si kudziputa dala?

Mayi wina amene amaphunzitsa pulayimale cha ku Santhe wanditumizira imelo. Akuti ana a Sitandade 7 awapanikiza: kodi kunja kwa dziko lino kuli zamoyo? Nanga ngati ziliko, kuziyitana si kudziputa dala?

Mayi, loyambalo ndi lachidule. Mpaka lero palibe chamoyo chomwe chapezeka kunja kwa dziko lapansi, ngakhale kachilombo kosaoneka ndi maso. Katswiri wa zakuthambo Frank Drake anayamba kutchera khutu mu 1960 ku Green Bank, ku America, polozetsa dishi lalikulu la wailesi ku nyenyezi ziwiri. Kunali zii. Lero mapulaneti ozungulira nyenyezi zina opezeka apitirira 5,000, ndipo madishi 64 a MeerKAT ku Karoo, ku South Africa, nawonso amamvetsera. Kukadali zii.

Lachiwirilo ndiye lofuna kulikhalira pansi. Mu 2010 katswiri wa sayansi Stephen Hawking anachenjeza kuti akuthambowo atabwera, zingatichitikire zomwe zinagwera eni nthaka a ku America atafika Columbus. Ife a ku Kasungu kuno chitsanzo tili nacho pakhomo: mu 1895 asilikali a boma la Britain anagonjetsa Mwase Kasungu, ufumu n'kusanduka wolamulidwa. Ndiye mantha a anawo musawaseke.

Chimene chimandikhazika mtima pansi ndi kutalika kwa mtunda. Nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu ndi Proxima Centauri, koma kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 4 kuti kufike kuno. Chombo cha Voyager 1, chomwe chinanyamuka mu 1977, chimathamanga makilomita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Chikanalunjika kumeneko, chikanayenda zaka zoposa 70,000.

Komanso moni tinapereka kale. Chombocho chinanyamula chimbale chokhala ndi malonje m'zilankhulo 55, ndipo Chinyanja chilimo (anawo muwauze zimenezi, akondwa). Mu 1974 dishi la ku Arecibo, ku Puerto Rico, linaponya uthenga ku gulu la nyenyezi la M13, womwe udzafike patapita zaka pafupifupi 25,000.

Apa ndi pomwe ine ndimadandaula. Kumvetsera kulibe vuto, sikuulula pomwe tili. Koma uthenga ukachoka wachoka, palibe woubweza, ndipo outumizawo ndi kagulu ka akatswiri kolankhula m'malo mwa tonse osatifunsa. Kumudzi munthu mmodzi sangayitane alendo osadziwika m'dzina la mudzi wonse amfumu ndi anthu awo asanakambirane. Ine ndikuti timvetsere ndithu, koma zokuwa dala ndi makina amphamvu ziyambe zadikira mayiko agwirizane.

Anawo akafuna kuona komwe kuli Proxima, atuluke madzulo mwezi wa Meyi kapena Juni, ayang'ane kummwera. Pafupi ndi nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda pali zina ziwiri zowala. Yowala kwambiriyo ndi Alpha Centauri. Proxima ili chapomwepo, kungoti popanda makina sioneka.