Laputopu yakale yokonzedwanso: gulani, koma muyambe mwaiyesa

Achemwali, ndaona funso lanu. Mwati mwana wanu wasankhidwa kupita ku yunivesite, akufunika laputopu, ndipo pa Facebook mwapeza ina yomwe wogulitsa akuti ndi refurbished (yokonzedwanso), ex-UK (yochokera ku UK), Core i7, pamtengo wofanana ndi ka yatsopano kotsika mtengo ka m'shopu. Mukufunsa kuti mutenge iti. Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, ndiye ndikuuzani mosapsatira: yakale ndi yabwino kugula, ine ndemwe ndimagwiritsa ntchito yotero, koma si iliyonse, ndipo musatulutse ndalama musanaigwire ndi manja anu.

Kunjako makampani akuluakulu amagulira antchito awo malaputopu ambirimbiri, ndipo pakatha zaka zitatu kapena zinayi amawagulitsa onse pamodzi. Owagulawo amawayeza, kusintha chomwe chafa, n'kuikamo Windows mwatsopano. Yokonzedwanso yeniyeni ndi imeneyo. Kwathu kuno mawuwa angosanduka nyambo. Munthu amapukuta fumbi, kumata kasitika, basi wati refurbished. Choncho dzinalo lisakutengeni mtima.

Chomwe ndimakondera makina a m'maofesiwa ndi kulimba. Ndikunena Lenovo ThinkPad, Dell Latitude ndi HP EliteBook. Anawapanga kuti azinyamulidwa tsiku ndi tsiku, ndipo amatseguka ndi sikuludilaiva wamba, moti batire, kiyibodi kapena RAM zikavuta timasintha mosavuta. Ka yatsopano kotsika mtengo kaja nthawi zambiri kamakhala ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) yofooka ya Celeron, RAM (pomwe kompyuta imagwirizira zomwe mwatsegula) ya 4GB yomatiridwa pa bodi yomwe simungawonjezere, ndi posungira zinthu pa 64GB pokha. Mwana akangotsegula Word, Chrome ndi PDF ziwiri, kamayamba kukwawa. Ndalandirapo tambiri totere titathyoka mahinji chaka chisanathe, pulasitiki yake itang'ambika pakona, eni ake atamanga ndi selotepi. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa kholo limakhala kuti linadzimana kuti ligule chatsopano.

Tsopano pamene ambiri amapusitsidwa ndi pa mawu akuti i7. Paokha sakutanthauza kanthu. Muuzeni wogulitsa akutumizireni dzina lonse la purosesa, mwachitsanzo i5-8350U kapena i7-6600U. Nambala yoyamba pambuyo pa kamzereko ndiyo m'badwo wa makinawo: 8350U ndi ya m'badwo wa 8, 6600U ndi ya m'badwo wa 6. Pa zatsopanoko m'badwo ndi manambala awiri oyamba: 10210U ndi ya m'badwo wa 10, 1135G7 ndi ya m'badwo wa 11. Musagule yochepera m'badwo wa 8. Zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba, pa malaputopu opyapyalawa i5 ya m'badwo wa 8 ili ndi ma core (timainjini ta mkati mwa purosesa) anayi, pomwe i7 ya m'badwo wa 6 kapena 7 ili ndi awiri okha, ndiye i5 yatsopanoko imaiposa liwiro i7 yakaleyo. Chachiwiri, Microsoft inathetsa chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imavomereza makina a Intel oyambira m'badwo wa 8, kapena, pa malaputopu, AMD Ryzen oyambira 3000, okhala ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Ogulitsa ena amaikakamiza Windows 11 pa makina akale kwambiri, choncho kuiona pa sikirini si umboni ayi. Mwana wanu ali ndi zaka zinayi kapena zisanu za sukulu kutsogoloku, makinawo afunika amufikitse kumapeto.

Mukapeza ThinkPad T480, Latitude 5490 kapena 7490, kapenanso EliteBook 840 G5, zonsezi za m'ma 2018, muli panjira yabwino, bola muonetsetse purosesa ija, chifukwa zina mwa izo zinatulukanso ndi ya m'badwo wa 7. RAM isachepere 8GB, ndipo ikhale ndi SSD (chosungira zinthu chamakono chothamanga) ya 256GB kapena kuposa. Ya hard disk yakale ija yozungulira muisiye, pokhapokha mtengo utsike moti muthe kugula SSD padera.

Tsiku lokaona, pitani ndi mwanayo, mutenge flash ndi foni yokhala ndi bandulo, ndipo musalole kuthamangitsidwa. Theka la ola si lalitali pa ndalama zimene mukufuna kutulutsazo.

Yambani ndi batire, chifukwa ndi kuthimathima kwa magetsi kwathu kuno, laputopu yopanda batire ndi mtolo chabe. Tsegulani Command Prompt (lembani dzinali posakira pa Windows), lembani powercfg /batteryreport, kenako tsegulani fayilo yomwe ituluke. Muona manambala awiri, Design Capacity ndi Full Charge Capacity. Yoyamba ndi mphamvu yomwe batireyo inali nayo ili yatsopano, yachiwiri ndi yomwe yatsala. Ikakhala kuti yatsala ndi yosafika theka, dziwani kuti mukagulanso batire posachedwa, ndiye mtengo utsike. Yendetsaninso chala pa touchpad. Ikakhala yotukuka, kapena chivundikiro chapansi chikuyasama, kawirikawiri batire yatupa mkatimo, ndipo yotupa ndi yoopsa, itha kuyaka. Zulani chaja muone ngati makinawo sazima nthawi yomweyo.

Kenako izimitseni, muiyatsenso n'kulowa mu BIOS, tsamba la makonzedwe a makinawo lomwe mumalowamo Windows isanayambe. Pa ThinkPad mumadina F1 ikamayaka, pa Dell F2, pa HP F10. Ikapempha pasiwedi ndipo wogulitsa sakuidziwa, bwererani, ngakhale atsitse mtengo bwanji. Pali mnyamata wina anabwera kwa ine ndi laputopu yokongola, yopanda ndi kachipsera komwe, yomwe anagula padepoti kwa munthu amene ankati ali paulendo. Titafuna kuikamo Windows mwatsopano, itangolumikizana ndi intaneti inatulutsa dzina la kampani ina yakunja n'kumapempha akaunti ya wantchito wa kumeneko. BIOS nayo inali yokhoma. Mnyamatayo anakhala pabenchi langa akuimba nambala ya wogulitsa, koma inali itazimitsidwa kale. Inali ndalama ya fodya wa bambo ake. Mpaka lero ndikakumbukira nkhope yake mtima umandiwawa. Pa MacBook vuto lofanana ndi limeneli ndi akaunti ya iCloud ya mwini wakale.

Zotsalazo n'zachangu. Tsegulani Notepad, mwanayo adine batani lililonse. Ikani chithunzi choyera mbee kuti muone madontho kapena mizere pa sikirini. Yesani kamera, maikolofoni ndi masipika, poti maphunziro ena masiku ano amachitikira pa Zoom. Lumikizani Wi-Fi ya pafoni panu, lowetsani flash m'mabowo onse a USB, tsegulani ndi kutseka chivundikiro kangapo mumve ngati mahinji sakulira. Ngati pa flash mwaikapo kapulogalamu kaulere kotchedwa CrystalDiskInfo, kakuuzani thanzi la SSD ndi maola amene yagwira ntchito. Sewerani vidiyo kwa mphindi khumi, muike dzanja pomwe pamatulukira mpweya. Kufunda ndi kwabwinobwino, koma ikamawotcha fani ikubangula, mkatimo mwadzaza fumbi kapena muli vuto. Chaja ikhale yakeyake ya kampaniyo, yolemera m'manja, osati zopepuka zija zomwe zimapsa mwezi usanathe.

Pa ndalama ndiye ndikupempheni kwambiri. Musatumize kalikonse pa Airtel Money kapena Mpamba kuti akusungireni katundu amene simunamuone. Gulani kwa munthu amene ali ndi shopu yoti mawa mungabwererenso. Akulembereni lisiti yokhala ndi serial number ya makinawo, muifananitse ndi yomwe ili pansi pa laputopuyo ndi ya mu BIOS. Lisitiyo idzakutetezani zikadzadziwika kuti katunduyo anabedwa, chifukwa kupezeka ndi katundu wakuba ndi mlandu. Alembenso kuti ikavuta adzakonza kapena kusintha mkati mwa miyezi ingati. Ine ndimakakamira itatu. Wogulitsa amene amakhulupirira katundu wake sakana zimenezi.

Simunanene kuti mwanayo akukaphunzira chiyani. Ngati ndi uphunzitsi, unamwino, malamulo kapena zowerengera ndalama, makina ndatchulawa akwanira bwino lomwe. Koma ngati ndi zomangamanga kapena uinjiniya komwe adzafune AutoCAD ndi mapulogalamu ena olemera, mufune ya RAM ya 16GB, ndipo afunse kaye anzake a chaka chachiwiri zomwe akugwiritsa ntchito. Musungenso kangachepe kogulira chikwama chokhala ndi siponji ndi adaputala yoteteza magetsi akabwera mwamphamvu.

Muuzeni wogulitsa wanuyo atsegule Settings, System, kenako About, ajambule sikirini yonse pamodzi ndi lipoti la batire lija. Mutumize zithunzizo muno m'gulu, ndiziona madzulo ndikaweruka, ndikuuzani ngati ndi yoyenera kuikwerera minibasi.